Birimankhwe ndi Nambala Yachilendo

Padangokhala, ndipo si kale kwenikweni, chifukwa mafoni anali atafika ngakhale kwa nyama, panali Birimankhwe amene anakwatira Namzeze.

Ukwati umenewu anzawo anauseka mpaka nthiti kuwawa. Mwamuna woti akamapita kuseri kwa nyumba amachita kutsanzika, mkazi woti ukangophethira wafika kale kutsidya! Koma awiriwo ankakondana, ndipo oseka aja anatopa okha.

Vuto linali limodzi. Anamzeze sakhala malo amodzi chaka chonse. Mvula ikangosiya, mtundu wawo wonse umanyamuka kupita kutsidya kwa nyanja yamchere, n'kudzabwerera ndi mvula yoyamba. Miyezi yonseyo Birimankhwe ankakhala yekha, osadziwa ngati mkazi wake wafika kapena wagwera m'madzi panjira.

Chaka china, kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke, Namzeze anabwera ndi timafoni tiwiri ta mabatani.

"Iyi ndi yanu, bambo. Nambala yanga ndasungamo kale. Mukadina apa, dzina langa lituluka."

"Kuimba kutali konseko, si mayunitsi a chaka chathunthu amenewo?"

"Sitiziimba, tizingofulashana. Dzuwa likafika pamutu, ine ndiziimba kamodzi n'kudula. Ndiye kuti ndili moyo. Inunso muziimba kamodzi n'kudula. Ndiye kuti mukundidikira."

"Basi?"

"Nanga mukufunanso chiyani? Ngati mumayankhula zambiri inu!"

Atatero anatenga foni ya mwamuna wake, anaiyandikiza kukamwa, n'kujambulamo nyimbo. Inali nyimbo yawo ya awiri, yaifupi, yonena za wina woyenda mochedwa ndi wina wouluka, amene amakumanabe pa nthambi imodzi. Inkayambira pansipansi, n'kukwera, n'kutsikanso ngati munthu akugoneka mwana. Koma ili pakati, Birimankhwe anayetsemula. Namzeze anaphulika kuseka, anaseka mpaka mpweya kumuthera, kenako n'kumaliza nyimbo ija akusekabe.

"Tijambulenso, mayi, ndaiononga."

"Ayi, isiyeni. Muli momwemo inuyo."

Patapita masiku atatu, anamzeze ananyamuka.

Netiweki m'dera limenelo inkapezeka malo amodzi okha, pa nthambi yapamwamba ya mkuyu wa pamsika. Kwa mbalame zimenezo zinali zamasewera, koma kwa Birimankhwe unali ulendo. Ankayamba kukwera m'mawa, foni itamangidwa kumchira, phazi ili, kuganiza, phazi linalo, kuganizanso, mpaka kukafika dzuwa lili pamutu. Foni inkalira kamodzi n'kuduka. Iye ankaimba kamodzi n'kudula. Akatero ankatsegula nyimbo ija n'kuimvera mpaka pa kuyetsemula ndi kuseka paja, ndipo thupi lake lonse linkasanduka lobiriwira ngati tsamba lanthete. Kenako ankayamba kutsika.

Pansi pa mkuyu womwewo panali benchi ya Nthengu, mbalame yakuda ija yochenjera pakamwa. Anali ndi sola imodzi, zingwe zisanu ndi chikwangwani chonena kuti amatchaja ndi kukonza mafoni amtundu uliwonse. Kutchaja ankatha ndithu, nanga kulowetsa chingwe n'kovuta ngati? Koma pa kukonza ankadziwa mankhwala amodzi okha, kufufuta zonse za m'foni kuti iyambe ngati yatsopano. Luso lake lenileni linali pakhosi. Mawu alionse akawamva kawiri, ankawatengera osasiyako kanthu. Kale asanayambe za mafoni ankalira ngati mphamba kuti nkhuku zithawe n'kumusiyira chakudya. Tsopano ankati foni za eni ake zikamatchajidwa, iye n'kumamvetsera zonse zili m'menemo, moti nyimbo ya Namzeze anali ataimva kambirimbiri. Pangano la kufulashana lija nalonso ankalidziwa, poti linkachitikira pamutu pake masana alionse.

Tsiku lina chingwe cha kumchira chinamasuka, foni ya Birimankhwe inagwa kuchokera pamwamba, n'kungoyera mbee, osayankha batani lililonse. Birimankhwe anatsika mofulumira kuposa kale lonse, ndiye kuti anafika pansi dzuwa litapendeka.

"Achimwene, ndithandizeni. M'menemu muli nyumba yanga yonse."

"Matenda aang'ono awa, madala. Dzana lomweli ndakonza ya a Njovu, yoti anaiponda okha."

"Koma nyimbo ya mayi akwathu musaikhudze."

"Ine? Bwerani mawa m'mamawa, muipeza ikuseka."

Birimankhwe atangotembenuka, Nthengu anapereka mankhwala ake aja. Foni inadzuka bwinobwino, yowala, yomvera mabatani onse. Anatsegula kwa nyimbo, kunalibe kanthu. Anatsegula kwa maina, mbee! Namzeze anali atasunga nambala yake m'foni, osati mu simukhadi, ndipo inapita limodzi ndi zonse. Birimankhwe sankaidziwa pamtima. Musamuseke, inu nomwe mukundimveranu nambala ya amayi anu mungaitchule osayang'ana?

Nthengu anaima kaye mlomo uli yasa. Akaulula, chikwangwani chija chathera pomwepo. Ndiye anakonza pakhosi, anayandikiza foni, n'kuimba nyimbo ija ndi mawu a Namzeze, kuyambira pansipansi, kukwera, kutsikanso, yosalala bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kenako anatenga simukhadi yake yachiwiri, imene sankaigwiritsa ntchito, n'kusunga nambala yake m'foni ya Birimankhwe pa dzina la Namzeze.

M'mawa Birimankhwe anafika, analandira foni ndi manja awiri, n'kutsegula nyimbo pomwepo. Anamvetsera diso lina lili kumwamba, lina lili pa Nthengu.

"Mawu ndi awo ndithu. Koma ine ndili kuti?"

"Muli pano, madala, ndikukuonani."

"M'nyimbomu. Pakatipa ndinayetsemula, iwo n'kuseka. Zapita kuti?"

Nthengu sanaphethire n'komwe. "Aa, chimenecho? Foniyi ndaitsuka. Makina akamatsuka amachotsa phokoso, amasiya nyimbo yokhayokha. Ena amachita kupempha zimenezo."

"Kuseka kwa mkazi wanga ndi phokoso?"

"Makina sadziwa chikondi, madala."

Birimankhwe anatuwa thupi lonse ngati phulusa. Kenako anathokoza, anamanga foni kumchira ndi mfundo ziwiri, n'kuyamba kukwera. Nthengu anapuma. Koyamba kameneko, anapulumuka.

Dzuwa likufika pamutu, Nthengu anauluka mwakachetechete n'kukabisala m'masamba pamwamba pa nthambi ya netiweki ija. Anafulasha. Foni ya Birimankhwe inalira kamodzi, dzina la Namzeze linatuluka, ndipo Birimankhwe anabweza. Koma asanaiike pansi inaliranso kamodzi. Ulendo uno panalibe dzina, inali nambala yaitali yachilendo. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Tsiku lachinayi Birimankhwe anaima pa benchi ya Nthengu. Linali tsiku la msika, ndipo ofuna kutchaja anali pamzere.

"Achimwene, pali nambala ina ikumandifulasha masana alionse. Ndi ya ndani?"

Nthengu anangoyang'ana kamodzi n'kudziwa. Apa mpamene ine ndimamukwiyira Nthengu. Kufufuta kuja inali ngozi, aliyense amalakwitsa. Koma apa nambala yotayika ija inali itabwera yokha, itaima pakhomo, ndipo chala chimodzi chikanakonza zonse. Chofunika chinali kungonena kuti ndinakunamizani. Anayang'ana mzere wa makasitomala, makutu onse ali tcheru, n'kukweza mawu.

"Mwabwezako?"

"Ayi, ndimati ndifunse kaye."

"Mwapulumuka! Amenewa ndi akuba a pafoni. Mukangobweza amakukokerani zonse, maina, nyimbo, ngakhale mtundu wa khungu lanu. Simunamve za a Nguluwe? Anawauza kuti apambana njinga, lero akuyenda wapansi ngati kale."

Pamzere panamveka kung'ung'udza, aliyense akukumbuka m'bale wake amene anaberedwapo.

"Nanga nditani?"

"Ibulokeni, isadzalirenso. Dinani apa. Ayi, dinani nokha, madala, foni ndi yanu."

Birimankhwe anaganiza za nyimbo ija, yotsukidwa kale koma yokhayo imene anali nayo. Anakweza chala chake pang'onopang'ono monga amachitira zonse, n'kudina. Nambala yachilendo sinalirenso. Kachiwiri kameneko, Nthengu anapulumuka, ndipo tsiku limenelo anabuloketsa manambala enanso asanu ndi awiri a anthu osalakwa.

Miyezi inadutsa. Masana alionse Nthengu ankasiya benchi, kukabisala m'masamba, kufulasha, n'kubwerera. Masana alionse Birimankhwe ankabweza, n'kutsegula nyimbo yosalala ija. Ikafika pakati ankadikira kuseka kumene kunalibe, ndipo kubiriwira kuja kunkangofika m'khosi n'kubwerera. Kusowa munthu ndi matenda osaoneka bala. Ankadya, ankagona, ankalonjera anzake bwinobwino, koma mtima unali kutsidya kwa nyanja.

Tsiku lina sanathenso kupirira. Anagula mayunitsi, anakwera, ndipo itakwana nthawi yobweza anaimba osadula. M'masamba muja foni ya Nthengu inanjenjemera kamodzi, kawiri, kachitatu. Akapanda kuyankha, Birimankhwe aganiza kuti mkazi wake wadwala, n'kuyamba kufunsafunsa. Nthengu anakonza pakhosi.

"Halo, bambo? Tinapangana chiyani za mayunitsi?"

"Mayi! Mayi, ndinu?"

"Nanga angakhale ndani?"

Nthawi yomweyo pansi pa mkuyu a Nang'omba, wapampando wa msika, anayamba kuitana a komiti ndi liwu lawo lija longa ng'oma. Birimankhwe anatembenuza diso limodzi.

"Zodabwitsa. A Nang'omba ndikuwamva kawiri, khutu ili komanso m'foni."

"Ndi netiweki imeneyo, bambo, imabweza mawu. Kuno akulira ndi anang'omba akuno, oyera."

"Oyera?"

"Kuno zonse n'zoyera. Koma tamverani, mayunitsi akutha. A Nthengu aja anakukonzerani foni, munawathokoza? Muziwapatsako ziwala. Lilime lanu lija ndi lalitali, iwo ntchito yawachuluka."

"Ndiziwapatsa tsiku lililonse. Mayi, musadule. Ndakusowani. Nyumba yakula. Chisa chanu ndimachimata ndekha chikang'ambika, ngakhale dothi ndimatenga masiku awiri kuti ndifike nalo. Tangosekani kamodzi, ngati tsiku lija."

Nthengu, amene ankatha kulira ngati mphamba, ngati mwana wa mbuzi, ngati belu la njinga, kuseka kumeneko kunamukanika. Anadula foni. Kachitatu kameneko, anapulumuka. Ziwala zinayamba kufika pa benchi m'mawa uliwonse, ndipo musaganize kuti ankazikana. Ankadya, kungoti ankadyera kumbali.

Kenako mvula yoyamba inagwa, anamzeze anabwerera. Tsiku limenelo Birimankhwe anali pa nthambi yake, maso onse awiri ali m'mwamba, akuyang'ana m'modzim'modzi. Pa nthambi ija panatera mkulu wake wa Namzeze, wowonda ndi ulendo, ndipo sanapereke moni.

"Muli moyo, eti?"

"Alamu! Takulandirani. Nanga mayi ali kuti?"

"Mukufunsa ine? Mwakwatira ndani, tiuzeni tidziwe."

"Kukwatira?"

"Mng'ono wanga wakufulashani tsiku ndi tsiku. Poyamba inkaitana, inu osabweza. Kenako ikangoyamba kuitana inkaduka, ngati munthu wakutsekera chitseko pamaso. Ife tinkamuuza kuti mwina foni yawonongeka. Iye ankangoti mawa abweza. Tsiku lonyamuka anati, ndikabwerere ndani? Tinamukoka, anakana. Anati adikire tsiku limodzi lokha, mukabweza atipeza panjira. Tinamusiya kukuyamba kuzizira, ndipo kuzizira kwa kumeneko sikusiya namzeze wamoyo."

Asanamalize, foni ya Birimankhwe inalira kamodzi n'kuduka. Dzina la Namzeze linatuluka. Mlamu uja anasuzumira.

"Nambala iyi ndi yakonkuno. Imbani, ndipo musadule."

Birimankhwe anaimba. Pamwamba pa mitu yawo masamba anayamba kunjenjemera. Anamzeze anayi analowa m'menemo n'kutulukamo ndi Nthengu, foni ili m'phiko, ikulirabe.

Mlandu unaweruzidwira mumtengo momwemo, chifukwa kudikira kuti Birimankhwe atsike kukanatenga tsiku lonse. A Nang'omba anakwera akudandaula za mawondo awo, msika wonse uli pambuyo. Nthengu anaulula zonse, poti foni inali itaulula kale.

"Mlandu wosavuta uwu," anatero a Nang'omba. "Sola tilanda, chikwangwani tiwotcha, mwini wake achoke m'dera lino lero lomwe."

"Mwaweruza bwino, wapampando," anatero Nthengu. "Ndinyamuka. Kungoti ndinyamuka ndi zinthu ziwiri za madalawa, ndipo sindikudziwa kuti ndizisiye kwa ndani."

"Zinthu zanji?"

"Choyamba ndi nambala ya mayi aja. Alamu awa akuidziwa pamtima?"

Mlamu uja anayang'ana kumbali. Foni yake inali itagwera m'nyanja pobwera, ndipo nayenso nambala ankangodina dzina.

"Ine ndikudziwa kumene ili. Chachiwiri ndi nyimbo. Ili m'foniyo ndi yanga, ndinaisalaza dala. Yeniyeni, mmene ankapumira, mmene ankakokera mawu pomaliza, yatsala malo amodzi okha padziko lino." Analoza pakhosi pake.

A Nang'omba anakanda mutu ndi phiko. Onse anayang'ana Birimankhwe.

"Nambala," anatero Birimankhwe.

Nthengu anatenga foni, anadina apa ndi apo, n'kutsegula kumene foni imasunga manambala obulokedwa. Inali momwemo, yaitali, yachilendo. Pansi pake foni inali italemba ulendo uliwonse umene nambalayo inayesa kulowa n'kubwezedwa. Birimankhwe anayamba kutsitsa ndi chala. Tsiku lililonse kamodzi, dzuwa lili pamutu. Mwezi wa kukolola, miyezi yozizira, miyezi yotentha, osadumpha ngakhale tsiku limodzi. Masana onsewo iye anali pa nthambi yomweyi, foni ili m'manja, akubweza kwa mbalame imene inali pamwamba pa mutu wake.

"Chala ichi," anatero, akuchiyang'ana. "Ndinadina ndekha."

Mlamu uja anayandikira, ukali utamuthera, n'kuyang'ana mzere womaliza.

"Apa ndi masiku asanu ndi limodzi ife titanyamuka. Sanadikire tsiku limodzi ayi."

"Ndiye kenako anasiya. Chifukwa chiyani, alamu?"

"Mwina ananyamuka. Mwina..."

Birimankhwe anachotsa nambala ija m'ndende, anaisunga m'foni ndi mu simukhadi momwe, n'kuimba. Foni inaitana.

"Ikuitana!" anakuwa mlamu uja. "Ndiye kuti sinagwe m'madzi. Musadule!"

Inaitana, inaitana, mpaka inaduka yokha.

"Namzeze sayankha foni akuuluka," anatero mlamu uja. "Ngati ananyamuka mochedwa ndi masiku asanu ndi limodzi, afikanso mochedwa ndi masiku asanu ndi limodzi."

A Nang'omba anafunsa Birimankhwe kuti Nthengu atani naye. Birimankhwe anafufuta nyimbo yabodza ija ndi chala chomwe chija.

"Asachoke. Azibwera pano masana alionse, osabisala, aziimba mmene mayi ankaimbira. Koma akafika pakati aziima. Kuseka kuja asadzayerekeze."

Masiku asanu ndi limodzi anatha. Pa lachisanu ndi chiwiri foni sinaitanenso, munangomveka mawu a mayi wa kukampani akuti nambalayo sikupezeka. Mlamu uja anati batire latha, panjira palibe sola. Mvula inagwa, inasiya, anamzeze ananyamukanso atalonjeza kuti akafunsa konsekonse. Anabwerako opanda mawu, ndipo chaka chinacho chimodzimodzi.

Nthengu anasunga pangano, ndipo ichi chokha ndimuyamikire. Mpaka lero amaba mawu a aliyense, amalira ngati mphamba, amanamiza nkhuku. Koma dzuwa likafika pamutu amatera poyera, n'kuimba nyimbo ya woyenda mochedwa ndi wouluka, kuyambira pansipansi, kukwera, ndipo pakati amaima. Birimankhwe amayetsemula dala pamalo pake paja. Kenako awiriwo amakhala chete kwa nthawi yokwana kuseka kwa munthu m'modzi, Nthengu n'kumaliza.

N'chifukwa chake mukakumana ndi Birimankhwe panjira mumamuona akukweza dzanja limodzi m'mwamba, akugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo asanaponde. Akufuna netiweki. Diso lina limayang'ana foni, lina limayang'ana kumwamba. Ndipo nambala iliyonse yachilendo ikamufulasha, kaya ndi ya akuba, kaya ya wosokera, iye amabweza.

Yanga yathera pompa. Wina ngati ali nayo, aponyepo.